"Heavy bone" ndi chiyani kwenikweni? Nkhani ya miyendo ya Bruno pa gulu la oweta agalu ku Mzuzu

Bambo a Tawonga, Chibavi: Mwadzuka bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Mwezi watha ndinagula mwana wa galu wa German Shepherd, dzina lake Bruno, pano ali ndi masabata 13. Wogulitsa analemba pa Facebook kuti "heavy bone", ndipo kunena zoona mawu amenewo ndiwo anandikoka, chifukwa ndimafuna galu woti munthu akasuzumira pageti abwerere yekha. Anandiuzanso kuti ndizimupatsa mapilitsi a kashiamu tsiku lililonse kuti mafupa akhwime, ndipo sindinaphonyepo. Koma kuyambira Lachisanu miyendo yakutsogolo sikuoneka bwino. Pamfundo ya m'munsi paja, pamwamba pa phazi, papindikira kutsogolo, ndipo akaima miyendo ikunjenjemera ngati wagwidwa ndi chisanu. Chithunzi ndi icho ndatumiza. Kodi heavy bone yo ndi imeneyi? Nanga ndionjezere mapilitsi?

Yami wa ma Boerboel: Madala, galu ameneyo ndi wabwino. Taonani kukula kwa mapaziwo! Akulemera msanga basi, ndiye miyendo ikuchedwa kumutsatira. Onjezerani kashiamu, muikemonso zikhokhombe za mazira zosinja. Ine anga ndimatero.

Alangizi a ziweto: Ayi, chonde musaonjezere kalikonse. Bambo a Tawonga, lero lomwe siyani mapilitsiwo. Ndili pa dipi pano, ndilemba bwino masana. Pakadali pano mundiuze zitatu: akudya chiyani, kangati patsiku, ndipo amagona ndi kusewera pamalo potani.

Bambo a Tawonga, Chibavi: Akudya chakudya cha m'thumba cha ana agalu chogula kusitolo. Ndimathira mbale kudzaza, imakhala pomwepo tsiku lonse kuti azidya mmene wafunira. Madzulo ndimaonjezera usipa ndi dzira. Amakhala pakhonde la simenti yopolisha, ndi kuzizira kwa Juni kuno sindimutulutsa kawirikawiri.

Mdala wa ku Katoto: Podikira Alangizi, ndiyankhe mbali ya mawuwo, poti ndi imene ndikuidziwa. Ndinakhala ku Joni zaka zambiri ndikugwira ntchito pa banja lina lomwe linkapita ndi agalu ku zionetsero. Ine ndinali wosambitsa, wopesa ndi woyendetsa agaluwo, ndiye ndaimapo m'mbali mwa bwalo kambirimbiri kuonerera majaji akugwira ntchito yawo.

Mtundu uliwonse wa galu uli ndi chikalata chake chomwe amachitcha standard. Chimafotokoza mmene galu wa mtunduwo ayenera kuonekera, kuyambira mutu mpaka mchira. Ku South Africa zimenezi zimayendetsedwa ndi KUSA, bungwe lomwe linayamba mu 1891, ndipo ilo lili pansi pa FCI, bungwe la mayiko ambiri lomwe likulu lake lili ku Thuin m'dziko la Belgium. Tsono m'zikalata zimenezi akalemba kuti bone, sakunena mafupa onse a m'thupi ayi. Akunena makamaka kunenepa kwa fupa la mwendo wakutsogolo, pakati pa chigongono ndi mfundo ya m'munsi ija yapindika kwa Bruno. Asankha pamenepo chifukwa mnofu ndi wochepa, fupa limamveka m'manja.

Ndipo jaji sangoyang'ana. Amawerama, n'kugwira mwendowo ndi chala chachikulu mbali ino, zala zinazo mbali inayo, n'kutsetsereka pang'onopang'ono kuchoka pachigongono kufika kuphazi. Ndinaonapo mayi wina wachikulire, jaji, akutseka maso pochita zimenezi. Ubweya umanama, mafuta amanama, koma zala sizinamizidwa.

NyaMhango, Luwinga: Apo pa ubweya mwalasa, Mdala. Ine ndinazionera pa galu wa mlamu wanga, German Shepherd (mwachidule GS) wa ubweya wautali uja. Miyendo inkaoneka ngati misi. Tsiku lomusambitsa, madzi atagonetsa ubweya, tinangoona timiyendo ngati ta mbuzi. Tinayang'anizana osayankhula.

Yami wa ma Boerboel: Chabwino, koma mfundo ndi yomweyo. Fupa lalikulu ndiye galu wabwino. Palibe kasitomala amabwera kwa ine kudzafunsa galu wa miyendo yoonda.

Mdala wa ku Katoto: Mwana wanga Yami, apo ndi pomwe ambiri timasochera. Funso la jaji silikhala loti fupa ndi lalikulu bwanji. Limakhala loti fupali likugwirizana ndi msinkhu wa galuyu komanso ntchito ya mtundu wake? Kwa Boerboel wako ukunena zoona, standard yake imafuna miyendo yonenepa ya mafupa olimba, chifukwa ndi galu wolondera pafamu, wamphongo amafunika kutalika pafupifupi masentimita 66 pamapewa. Koma German Shepherd ndi nkhani ina. Mtundu umenewu anaukhazikitsa Max von Stephanitz ndi anzake ku Germany mu 1899 ngati galu woweta nkhosa, woti azithamanga pang'onopang'ono kuzungulira gulu la nkhosa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Standard yake imati wamphongo akhale wa masentimita 60 mpaka 65, kulemera makilogalamu 30 mpaka 40. Wamkazi masentimita 55 mpaka 60, makilogalamu 22 mpaka 32. Ndi galu wapakatikati ameneyo. Wina akakuuza monyadira kuti GS wake ndi wa makilogalamu 55, dziwa kuti galuyo watuluka mu standard, kapena wanenepa mopitirira.

Galu wa mafupa opyola muyezo wa mtundu wake amamutcha coarse, ndiye kuti wokhakhala, wolemera mosayenera. Wa mafupa operewera amati weedy, woonda ngati udzu womera pamthunzi. Onse awiriwo ndi zolakwika, ndipo jaji amawabweza kumbuyo kwa mzere mofanana.

NyaMhango, Luwinga: Ngakhale Rottweiler amene anthu amamuona ngati chigalu cha mafupa, standard yake imanena kuti asakhale wolemera kwambiri kapena wopepuka kwambiri, asakhalenso wa miyendo yaitali kapena woonda. Wamphongo masentimita 61 mpaka 68, pafupifupi makilogalamu 50. Wamkazi 56 mpaka 63, pafupifupi makilogalamu 42. Ine ndakhala nawo agalu amenewa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo amene amandipatsa mtendere ndi apakatikati. Chigalu changa choyamba chinali chachikulu moti anthu ankaima pamsewu kuchionerera, koma pofika zaka zisanu chinkavutika kudzuka m'mawa. Ndinkachita kuchinyamula kumbuyo ndi chitenje kuti chiime. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa, chifukwa ndine amene ndinkachidyetsa mopitiriza ndikuganiza kuti ndikuchikonda.

Mayi a Wezi, Mchengautuwa: Pepani ndilowerere. Mwana wanga anandiwerengera pafoni kuti pali "round bone", "oval bone" ndi "flat bone". Fupa si fupa basi? Kusiyana kwake n'kotani?

Mdala wa ku Katoto: Funso labwino, mayi. Akunena maonekedwe a mwendowo mukaugwira mozungulira. Round ndi wobulungira ngati nzimbe, kulikonse mungagwire n'chimodzimodzi. Ma terrier ena ndi agalu osakira nkhandwe a ku England ndi otero. Oval ndi wonga dzira: mukauyang'ana kutsogolo ndi wopyapyalako, mukauyang'ana cham'mbali ndi wotambalala. Standard ya German Shepherd ya ku America imanena mosabisa kuti fupa likhale oval, osati round. Ya Rhodesian Ridgeback, yomwe inalembedwa koyamba ku Bulawayo mu 1922, imanena zomwezo m'mawu ena, kuti mwendo wakutsogolo uzioneka wotambalala cham'mbali kuposa kutsogolo. Ndiye pali flat kapena bladed, wophwatalala ngati mpeni, kuthwa kwake kuloza kutsogolo. Umenewo ndi wa agalu aliwiro ngati Borzoi wa ku Russia.

Mayi a Wezi, Mchengautuwa: Nanga wa dzirayo ubwino wake n'chiyani? Ine ndikanaganiza kuti wobulungira ndiye wolimba.

Kalipentala wa ku Zolozolo: Apa ndiyankhe ine, chifukwa ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Tengani thabwa la 2 by 4 la ku Chikangawa. Mukaligoneka chafufumimba pakati pa zipupa ziwiri n'kupondapo, limawerama. Thabwa lomwelo muliimike cham'mbali, mbali yopyapyala ili m'mwamba, mukhoza kuimapo anthu awiri osagwedera. Kulemera kwa thabwalo sikunasinthe, chasintha ndi mbali yomwe yayang'anizana ndi katundu. N'chifukwa chake mitengo ya denga timaiimika, sitimaigoneka. Ndikuona ngati mwendo wa galu wothamanga ndi chimodzimodzi. Mphamvu imabwera kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndiye fupa latambalala mbali yomweyo, koma osalemera. Chigwiriro cha hamala nachonso si chobulungira, tachigwirani muone.

Mdala wa ku Katoto: Amisiri, zaka zonse zija ku Joni palibe anandifotokozerapo momveka chonchi. Ndi zomwezo ndithu.

Yami wa ma Boerboel: Zamveka, koma tisathawe nkhani. Galu wa madalawa miyendo yapindika. Si kuperewera kwa kashiamu kumeneko? Matewe timawadziwa tonse.

Alangizi a ziweto: Ndafika tsopano, pepani kuchedwa. Yami, funso lako ndi loyenera, chifukwa kuno kwathu mavuto onse awiri alipo, ndipo pamaso amafanana.

Loyamba ndi kuperewera. Mwana wa galu wodya madeya okhaokha, kapena nsima ndi nyama yopanda fupa, amasowa kashiamu. Chimanga ndi nyama zili ndi mchere wotchedwa phosphorus wambiri koma kashiamu wochepa, pomwe thupi limafuna ziwirizi pafupifupi mofanana, kashiamu achulukeko pang'ono. Zikatero thupi limayamba kutapa kashiamu m'mafupa, mafupawo n'kufewa, ena kuthyoka pongodumpha pakhonde. Agalu otere ndimawaona kawirikawiri, ndipo kwa iwo kukonza chakudya n'kofunikadi.

Lachiwiri ndi kuchulukitsa, ndipo ndi limene ndikuliopa kwa Bruno. Chakudya cha m'thumba cha ana agalu chimakhala kale ndi kashiamu wokwanira. Pamwamba pake mwaika usipa, womwe amadya ndi minga yomwe, kenako mapilitsi. Galu wamkulu akadya kashiamu wambiri matumbo ake amatenga wofunika, wotsalayo amatuluka. Koma mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi alibe chotsekera chimenecho, amangolowetsa. Ku yunivesite ya Utrecht ku Netherlands anachita kafukufuku m'zaka za m'ma 1980 pa ana a Great Dane. Ena anawapatsa kashiamu wochuluka katatu kuposa anzawo, ndipo amenewo ndiwo anapindika miyendo ndi kuonongeka mfundo. Mafupa sanakule kuposa a anzawo ayi.

Chimachitika n'chakuti mwendo wakutsogolo uli ndi mafupa awiri oyandikana, radius ndi ulna. Kumapeto kwa lililonse kuli kachigawo kofewa komwe fupa limakulira. Kachigawo ka limodzi kakasokonezeka, linzake limapitiriza kukula, koma poti amangiriridwa pamodzi, lokulalo limapindika ngati uta. Kwa agalu akuluakulu zigawo zimenezi zimatseka pakati pa chaka chimodzi ndi chaka ndi theka, ndiye nthawi yonseyo ndi yofunika kusamala.

Bambo a Tawonga, Chibavi: Alangizi, mtima wanga wagunda. Ndiye kuti ndamulumalitsa ndi manja anga?

Alangizi a ziweto: Musafulumire kudziweruza, bambo. Pachithunzi sindikuona mwendo wopindikira m'mbali, ndikuona mfundo yogwera kutsogolo, chimene achingerezi amati knuckling over. Chimenechi chimakonda kugwira ana agalu a mitundu ikuluikulu a msinkhu wa Bruno, pomwe mafupa akukula mothamanga kuposa minofu ndi mitsempha. Kawirikawiri chimatha pa masabata ochepa mukakonza kadyedwe ndi pokhala. Koma chithunzi si galu, ndiyenera kumugwira ndekha. Mawa madzulo ndidutsa ku Chibavi.

Kuyambira lero chitani izi. Mapilitsi siyani. Mbale isamakhale yodzaza tsiku lonse, muzimupatsa katatu patsiku motsatira muyezo wolembedwa pathumba, akadya chotsani. Usipa muyambe mwausiya kaye. Ndipo mumuchotse pa simenti yotererayo, azisewera padothi kapena pakapinga pomwe zikhadabo zimagwira. Kuzizira musakuope, masana dzuwa likatuluka atuluke. Usiku muyalireni thumba kapena bulangete lakale.

Bambo a Tawonga, Chibavi: Yewo chomene, Alangizi. Ndayamba kale, mbale ndachotsa.

Yami wa ma Boerboel: Koma Alangizi, ine ndakhala ndikupereka kashiamu kwa ana onse ndipo sindinaonepo vuto.

Alangizi a ziweto: Umawagulitsa ali ndi masabata angati?

Yami wa ma Boerboel: Asanu ndi limodzi, ena asanu ndi atatu.

Alangizi a ziweto: Ndiye zotsatira zake sizionekera kwa iwe, zimakaonekera kwa wogula. Tayesa kuwaimbira amene anagula chaka chatha, uwapemphe zithunzi galu ataima cham'mbali ndi kutsogolo. Sindikukunyoza ayi, ndikudziwa umawakonda agalu ako. Komanso masabata asanu ndi limodzi ndi msanga, azikwanitsa asanu ndi atatu ali ndi make.

NyaMhango, Luwinga: Ndionjezere pa nkhani ya kugula. Anthu amanyengeka ndi mwana wonenepa. Kamwana kali ndi chimimba, miyendo yodzaza mafuta, mapazi otambasuka, wogula n'kumati heavy bone. Nthawi zina chimimbacho ndi njoka za m'mimba. Ndipo phazi lotambasuka, zala zitatayana, si chizindikiro cha fupa labwino, ndi chofooka. Phazi labwino la Rottweiler kapena GS ndi lobulungira, zala zogwirana ndi zokwera, ngati chibakera. Chikomekome cha mkuyu, abale. Ine munthu akabwera kudzagula ndimamuonetsa kaye make, ndimamuuza agwire mwendo wake, kenako ndimamuonetsa zithunzi za bambo wake. Fupa limachokera kumtundu. Make mbuu, mwana mbuu. Chakudya chimangothandiza mwana kufika pomwe magazi ake anamulembera, sichingamupyoletse pamenepo.

Mdala wa ku Katoto: Mama NyaMhango anena zoona. Ndipo pali mawu ena omwe anthu amawasokoneza ndi bone, ndiwo substance. Substance ndi thupi lonse pamodzi: fupa, minofu, kuya kwa chifuwa, kutambalala kwa nthiti. Galu akhoza kukhala ndi fupa labwino koma wopanda substance chifukwa minofu palibe, amangokhala pa tcheni. Mafuta sawerengedwa m'gulumo. Jaji akayendetsa manja m'nthiti n'kulephera kuzimva, amadziwa kuti apa ndi mafuta.

Alangizi a ziweto: Njira yapafupi yoyezera ndi iyi. Tambasulani dzanja lanu, mugwire kuseri kwake pamwamba pa mafupa opita kuzala. Mmene mukuwamveramo, pansi pa kachikopa kochepa, ndi mmene nthiti za galu ziyenera kumvekera. Mukamachita kukanikiza kuti muzipeze, wanenepa. Ku America anatsatira agalu 48 a Labrador moyo wawo wonse, theka akudya chakudya chochepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kuyerekeza ndi abale awo. Odya pang'onowo anakhala ndi moyo pafupifupi zaka ziwiri kuposa anzawo, ndipo matenda a mfundo za m'chiuno anawachedwera. Galu amasenza pafupifupi magawo 60 pa 100 a kulemera kwake pa miyendo yakutsogolo, ndiye kilogalamu iliyonse yoonjezera imagwera pa mfundo zomwe zikuvuta kwa Bruno zija.

Kalipentala wa ku Zolozolo: Mdala, poti mwatsegula sukulu, nanga mawu oti angulation? Wina anandiuza kuti GS wanga alibe angulation chifukwa kumbuyo sikunagwe ngati aja timawaona pa intaneti. Zinandikhumudwitsa.

Mdala wa ku Katoto: Musakhumudwe, amisiri. Angulation ndi mmene mafupa akumanirana pamfundo, makona ake. Inu mumadziwa sikweya, ndiye simuvutika. Kutsogolo ndi pomwe fupa la phewa likumana ndi la mkono. Kumbuyo ndi pomwe fupa la ntchafu likumana ndi la m'munsi mwake pabondo, pomwe iwo amati stifle. Kwa GS standard imati kona ya pabondoyo ikhale pafupifupi madigiri 120. Chigawo chotsetsereka cha pamwamba pa chiuno kufika pamchira amati croup, chitsike pafupifupi madigiri 23. Si zambiri zimenezo.

Zithunzi mukuzionazo, galu amachita kumuimika mwadala, mwendo umodzi kuukokera kumbuyo, wina kuusiya pansi pa mimba, ndiye msana umaoneka wotsetsereka. Mukamusiya aime yekha amaoneka mwina. Komabe n'zoona kuti oweta ena anapitiriza muyezo, mpaka galu kumayenda chidendene chikukhudza pansi, miyendo yakumbuyo ikupepeluka. Ngakhale ku Ulaya komweko anthu akhala akukangana nazo. Standard yeniyeniyo imanena kuti kupyola muyezo pa makona akumbuyo ndi cholakwika, chifukwa kumachepetsa mphamvu ya galu pa ntchito.

Mayi a Wezi, Mchengautuwa: Chidendene cha galu chili pati? Ine ndimayesa phazi lonse ndi lija limaponda pansi.

Mdala wa ku Katoto: Galu amayendera zala, mayi, ngati munthu wonyang'ama. Mfundo yosongoka ija ya mwendo wakumbuyo, yoloza kumbuyo, anthu ambiri amaiyesa bondo lotembenuka, koma ndicho chidendene. Iwo amati hock. Bondo lenileni lili m'mwamba, pafupi ndi mimba. Muime kumbuyo kwa galu wanu muyang'ane. Kuchoka pa zidendene kufika pansi miyendo iwiriyo ikhale yoongoka ngati mizati iwiri. Zidendene zikamayang'anizana, mapazi n'kuloza kunja, amati cow-hocked, poyerekeza ndi kaimidwe ka ng'ombe.

Kutsogolo nako, kachigawo ka pakati pa mfundo ya m'munsi ndi phazi amati pastern. Kwa GS kamayenera kupendekeka pang'ono, madigiri 20 mpaka 22, kuti kazichita ngati sipuling'i galu akamaponda. Kakagona kwambiri ndi kofooka, kakaima njo galu amatopa msanga.

Mayi a Wezi, Mchengautuwa: Ndapita kukamuyang'ana wanga panja. Ndi wachikuda, ndinamutenga kumudzi ku Ekwendeni. Miyendo yake ndi yoonda koma yoongoka bwinobwino, zidendene sizikuyang'anizana. Ndamugwiranso mmene munanenera, ndi wa dzira uja. Ndiye iyeyu tinene kuti ndi weedy?

Mdala wa ku Katoto: Ayi mayi, ngakhale pang'ono. Weedy ndi galu amene waperewera pa muyezo wa mtundu wake. Wanuyo mtundu wake ndi wotero. Mawu ake ndi fine bone, fupa lopyapyala koma lolimba. Basenji, galu wa ku Congo amene amapita ku zionetsero zikuluzikulu, standard yake imafuna zimenezo, thupi lopepuka, mafupa opyapyala, miyendo yaitali. Ndipo agalu akumudzi a kuno kum'mwera kwa Africa ku South Africa amawatcha Africanis, ali ndi anthu owalemekeza ndi kuwasunga. Ine ndinakulira ku Mzimba ndikupita kosaka ndi agalu oterewa. Galu ankachoka m'bandakucha, kuthamanga m'mapiri tsiku lonse, madzulo n'kubwera akugwedeza mchira. Sindinaonepo mmodzi wopindika miyendo. Musamuchepetse galu wanuyo.

NyaMhango, Luwinga: Chinthu china chomwe chimandidetsa nkhawa ndi chakuti fupa la mwendo timaligwira, koma mfundo ya m'chiuno sitingaione. Galu akhoza kukhala ndi miyendo yokongola koma m'chiuno muli hip dysplasia, mutu wa fupa la ntchafu sukukhala bwino m'kabowo kake. Kunja asanakweretse galu amayamba amujambula X-ray. A FCI amapereka magiredi kuyambira A mpaka E, A ndiye wabwino. Kuno ambiri timangokweretsa poona kukula kwa mutu.

Alangizi a ziweto: Zoona mama, ndipo matendawa amayenda m'magazi, kunenepa kumangowakulitsa. Amene angathe, ulendo wa ku Lilongwe kukajambulitsa galu woti akhale mbewu si kutaya ndalama. Amene sangathe, pali zoti n'kuona ndi maso. Galu wothamanga miyendo yakumbuyo yonse pamodzi ngati kalulu, wovutika kudzuka akagona, wokana kukwera masitepe, wa ntchafu zofota pomwe mapewa ali odzaza, ameneyo asakweretsedwe ngakhale atakongola bwanji. Mufunsenso za make ndi bambo wake, ngati akuyendabe bwino atakula.

Yami wa ma Boerboel: Ndaimbira awiri mwa amene anagula chaka chatha. Mmodzi akuti ali bwino. Winayo wanditumizira chithunzi, mwendo wakumanzere wakhotera kunja kuyambira pamfundo. Akuti ankapitiriza mapilitsi monga ndinamuuzira, pamwamba pa chakudya cha m'thumba. Sindinadziwe, abale. Alangizi, ameneyu angathandizike?

Alangizi a ziweto: Wachita bwino kuimba, Yami, si onse akanatero. Ali ndi miyezi ingati?

Yami wa ma Boerboel: Khumi ndi umodzi.

Alangizi a ziweto: Pamsinkhu umenewo fupa lomwe lakhota silibwerera lokha. Koma tikhoza kuteteza kuti zisapitirire, ndipo agalu ambiri otere amakhala bwino ngati sanenepa. Asiye mapilitsi, achepetse thupi, ndipo ndimuone. Ngati akutsimphina pafunika X-ray. Nditumizire nambala yake kumbali, osati pagulu.

Mdala wa ku Katoto: Yami mwana wanga, ukamalemba malonda ako usiye mawu oti heavy bone. Ulembe msinkhu wa make ndi bambo wake pamapewa, kulemera kwawo, ndi zaka zawo. Uike chithunzi ataima pamalo osalala, china cham'mbali, china chakutsogolo. Wodziwa agalu adzakukhulupirira kuposa amene wangolemba mawu okopa.

Bambo a Tawonga, Chibavi: Abale, ndabweranso patatha masiku khumi kudzapereka lipoti. Alangizi anabwera monga analonjezera. Anamugoneka Bruno pa thumba, anagwira mwendo uliwonse kuchoka pachigongono kufika kuphazi, anapinda mfundo iliyonse, iye osalira. Anati mafupa ndi oongoka, vuto linali la mitsempha. Anandigwiritsanso ine mwendowo kuti ndimve ndekha, ndipo ndi wa dzira ndithu, wopyapyala kutsogolo, wotambalala cham'mbali. Anati fupa lake ndi lapakatikati, loyenera GS, chinachuluka ndi mafuta. Tsopano akusewera kuseri padothi ndi Tawonga. Kunjenjemera kwasiya, mwendo wakumanja waongoka, wakumanzere watsala pang'ono. Chithunzi cha lero ndi icho.

NyaMhango, Luwinga: Koma ndiye wasintha! Taonani mmene zala zagwiranira tsopano.

Kalipentala wa ku Zolozolo: Mdala, zolemba tawerenga, koma manja sanaphunzire. Bwanji tikumane tsiku lina mutiphunzitse kugwira? Pakhomo panga pali bwalo lalikulu lampanda.

Mdala wa ku Katoto: Ndavomera. Loweruka likubwerali 2 koloko masana, kukatentherako. Mama NyaMhango abwere ndi Rottweiler mmodzi, amisiri GS wawo ali pomwepo, Yami Boerboel wofatsa uja, Mayi a Wezi wachikuda wawo asatsale. Tiwaimike pamzere, aliyense agwire miyendo inayi yosiyana, amve kusiyana kwake.

Alangizi a ziweto: Aliyense abwere ndi khadi la katemera, wa chiwewe ndi wa parvo (matenda a agalu otsegula m'mimba ndi kusanzitsa), ndipo galu aliyense akhale pa chingwe. Bruno asabwere, sanamalize katemera wake. Bambo a Tawonga mubwere nokha.

Yami wa ma Boerboel: Ine ndibweretsa sikelo yopachika ija ndi thumba loyezera ana agalu. Tepi ndilibe.

Mayi a Wezi, Mchengautuwa: Tepi ndibweretsa ine, ya kutelala. Amisiri, mutitumizire malo, tikatsika minibasi ku Zolozolo tilowere mbali iti?